Thandizeni abale: self-esteem ndi self-efficacy mu Chichewa zikungotuluka chinthu chimodzi

Nachisale_wa_Chikanda:

Moni nonse muno. Ndine wa chaka chomaliza kuno ku Zomba, ndikupanga psychology, ndipo pulojekiti yanga ndikufuna ndione ngati self-esteem, self-efficacy ndi sitiresi zikukhudzana ndi umoyo wa m'maganizo wa ife ana asukulu okhala kunja kwa kampasi, a ku Chikanda, Matawale ndi ena aja amachokera mpaka ku Chinamwali pa kabaza. Mutuwu ndinasankha ndekha chifukwa ndakhala m'mahositelo akunjawa zaka zitatu ndipo ndaona zinthu, munthu loni yachedwa, landilodi akugogoda m'mawa uliwonse, makala atha, magetsi azima asayimenti ili pakati, koma mawa lake akulowa m'kalasi akuseka ngati palibe kanthu. Ena amapirira ena amagweratu, ndiye ndimafuna ndidziwe kuti kusiyana kwake kuli pati.

Mafunso sindinapeke ndekha ayi, ndatenga odziwika kale aja: a Rosenberg a self-esteem omwe alipo 10, General Self-Efficacy Scale ya Schwarzer ndi Jerusalem nayo 10, Perceived Stress Scale (PSS) ya mafunso 10 yoyesa sitiresi, ndi ya Ryff yaifupi ija ya mafunso 18 ya psychological wellbeing. Supavaiza wanga anati zingakhale bwino atakhala m'zinenero ziwiri kuti munthu asankhe yekha, ndiye ine ndi mnzanga wa chipinda chimodzi tinakhala usiku umodzi ndi tiyi wopanda mkaka n'kuwamasulira onse mu Chichewa, tikudziona ngati madolo.

Sabata yatha ndinapanga payiloti pa anthu 30. Ndalowetsa mayankho mu SPSS, pulogalamu ya pakompyuta younikira deta, Cronbach's alpha (nambala yoonetsa ngati mafunso a gawo limodzi akuyendera limodzi) ya enawo yatuluka yooneka bwino koma ya Rosenberg ili pansi zedi, siikufika ngakhale 0.5, pomwe tinaphunzira kuti izikhala 0.7 kupita m'mwamba. Komanso anthu angapo omwe anayankha ya Chichewa anandiuza kuti sisi mafunso anu akungobwerezabwereza, gawo loyamba ndi lachiwiri ndi chimodzimodzi. Nditayang'ananso ndaona kuti akunena zoona, mutu wa gawo loyamba ndinalemba kudzidalira, wa gawo lachiwiri ndinalemba kudzikhulupirira, ndipo inenso pano mukandifunsa kusiyana kwake ndingokuyang'anani.

Ndiye funso langa ndi loti mawu awiriwa mu Chichewa chenicheni ndi chani? Kapena ndingomuchotsa Rosenberg n'kutsala ndi zitatu? Komanso anthu ndifunse angati, anzanga onse akungolemba 384 sindikudziwa anaitenga kuti. Mayeso a semesita ayandikira ndipo ndimafuna nditolere deta anthu asanabalalike. Pliz amene munadutsamo ndithandizeni, tulo sindikuliona, mwina ndiyambe ndadziyesa ndekha sitiresiyo kkkk

Chiwaya_FC:

kkkkk sisi sitiresi ya ku Chikanda siifuna kwesichoneya. Ingoimani pa chiwaya pa 25 mwezi uliwonse muziwerenga amene akudutsa osayang'ana mbali ya tchipisi, ameneyo ndi high stress, deta yanu yatha. Koma zoona zake 384 ija nanenso ndinangokopera kwa wa chaka chatha, tidikire akuluakulu abwere atiuze.

Bambo_a_Deta:

Achemwali musamuchotse Rosenberg, ndipo musanayambe kuimba mlandu Chichewa tayambani mwaona chinthu chimodzi chaching'ono chomwe chagwetsa anthu ambiri omwe ndawathandizapo analisisi. Munatembenuza mamalikisi a mafunso otsutsa aja?

Pa mafunso 10 a Rosenberg, asanu amanena zabwino za munthu, asanu amanena zoipa, monga lija loti nthawi zina ndimadziona wopanda ntchito. Munthu akavomera kwambiri funso ngati limenelo ndiye kuti self-esteem yake ili pansi, ndiye musanaphatikize mumayenera kutembenuza, 4 akhale 1, 3 akhale 2, choncho. Mu SPSS ndi pa Transform kenako Recode into Different Variables, osati Same Variables chifukwa mukalakwitsa deta yoyamba ija yapita. Mwina munapanga kale zimenezi, koma msampha weniweni uli apa: pa intaneti pakuyenda mitundu iwiri ya sikelo yomweyi, mafunso ndi omwewo koma ndondomeko yake ndi yosiyana. Ina imayamba ndi funso la kukhutira ndi mmene ulili, imeneyo otembenuza ndi 2, 5, 6, 8 ndi 9. Ina imayamba ndi funso loti ndine munthu wofunika mofanana ndi ena, imeneyo otembenuza ndi 3, 5, 8, 9 ndi 10. Ndiye munthu amatenga mafunso pa webusaiti ina, malangizo a kawerengedwe pa webusaiti ina, n'kutembenuza funso labwinobwino kusiya loipa. Alpha imagwa ngati thumba la chimanga. Musadalire manambala, werengani funso lililonse ndi maso anu muone ngati likuyamikira kapena likunyoza.

Mukatero pangani Reliability Analysis kachiwiri ndipo muchonge pa Scale if item deleted. Muyang'ane kolamu ya Corrected Item-Total Correlation. Funso lomwe lili ndi minus kapena lili pafupi ndi ziro ndiye mfiti yanu. Ine ndikubetcha botolo la Sobo kuti mukakonza zotembenuzazo, lotsala likuvutabe likhala nambala 8, lija loti ndikanakonda ndikanamadzipatsa ulemu wochuluka. Limeneli si inu nokha, limavuta m'maiko ambiri. David Schmitt ndi Jüri Allik mu 2005 anaunika sikelo yomweyi m'maiko 53 ndipo anapeza kuti mafunso otsutsawa anthu a zikhalidwe zosiyana samawamva mofanana, ndipo la nambala 8 linali m'gulu la ovutitsa. Kumbukirani kuti Morris Rosenberg anapanga mafunsowa mu 1965 pa ana a sekondale a ku New York oposa 5,000, sankaganiza za mwana wa ku Mayaka kapena ku Jali.

PSS nayo ili ndi otembenuza ake, 4, 5, 7 ndi 8, onaninso ngakhale mukuti alpha yake ili bho. Ya Schwarzer ndi Jerusalem ilibe otembenuza, n'chifukwa chake imatuluka yokongola nthawi zambiri.

Za kusiyana kwa ziwirizo, mawu a Chichewa ndisiyira odziwa chinenero koma ganizo lake ndi ili. Self-esteem ndi mtengo womwe munthu amadziika, ndine munthu kapena ndine chabe. Self-efficacy ndi ya Albert Bandura, 1977, ndipo funso lake ndi loti kodi chinthu chakutichakuti ndingachithe? Sizikhudza ngati umadzikonda kapena ayi. Ine kuvina sinditha olo pang'ono, pa ukwati ndimangoimirira kumbuyo, self-efficacy yanga ya kuvina ndi ziro, koma sindidziona wachabe chifukwa cha zimenezo. Ndipo ndinali ndi mnzanga wina masamu ankakhoza mochititsa mantha, akalowa mu mayeso amadziwiratu kuti akhoza, koma ukakhala naye pansi amangodzinyoza, kwathu ndife osauka, ine ndani angandifune, zotero. Ameneyo efficacy ili m'mwamba esteem ili pansi. Bandura ananenanso komwe chikhulupiriro choti ndingathe chimachokera: poyamba ndi zomwe unayesapo n'kukwanitsa ndipo ichi ndiye champhamvu kuposa zonse, kenako kuona mnzako wofanana nawe akukwanitsa, kulimbikitsidwa ndi mawu a anthu, ndi mmene thupi likumvera, monga mtima kugunda ndi manja kutuluka thukuta ukaima kutsogolo pa presentation. Mukaika zinayi zimenezi mu literature review yanu ndi zitsanzo za pa kampasi pompano, ekisitenolo (wochonga pulojekiti wochokera kunja) sangakuvutitseni.

Nachisale_wa_Chikanda:

Mayo ine. Bambo_a_Deta mwandigwira pakhosi penipeni, ndangotsegula laputopu pompano, mafunso anga ndi oyamba ndi kukhutira aja koma ndinatembenuza 3, 5, 8, 9, 10. Manyazi bwanji. Ndakonza, alpha yakwera ndithu koma ikadali pansi pa 0.7 pang'ono, ndipo Sobo wanu mwawina, nambala 8 ili ndi minus. Nambala 5 nayonso ndi yofooka. Chodabwitsa n'choti ndikapatula omwe anayankha ya Chingerezi okha zikuoneka bwinoko, ngakhale ndi anthu ochepa kwambiri. Nambala 8 ndinamasulira kuti "Ndikanakonda ndikanamadzilemekeza kwambiri", nambala 5 ndinati "Ndimaona kuti ndilibe zambiri zonyada nazo". Chalakwika ndi chani pamenepa?

Aphunzitsi_Opuma:

Mwanawe, ine za SPSS sindizidziwa, ndinaphunzitsa Chichewa ku sekondale mpaka kupuma, mdzukulu wanga ndi amene wandionetsa nkhaniyi pafoni. Koma ziganizo zako ziwirizo nditangoziwerenga ndaseka.

Kudzilemekeza kwa ife ndi khalidwe la pagulu. Munthu akaledzera n'kumatukwana pa maliro timati bambo tadzilemekezani. Mtsikana akavala zosayenera kwa apongozi timati sadzilemekeza. Ndiye ukamufunsa mwana woleredwa bwino kuti kodi ukanakonda ukanamadzilemekeza kwambiri, ayankha kuti eya kwambiri, ndani angakane kukhala waulemu? Iwe n'kumulemba kuti amadziona wachabe, pomwe iye akungokuuza kuti anamva mwambo wa agogo ake. Chimodzimodzi zonyada nazo. Kunyada ndi matenda, ndi kuyenda mapewa ali m'mwamba osapereka moni. Kunyadira ndi kwina, timanyadira mwana akakhoza mayeso, timanyadira timu yathu. Kachilembo kochepako kasintha funso lonse. Munthu wopemphera ukamufunsa ngati ali ndi zonyada nazo akana msanga, chifukwa kutchalitchi ndi kumzikiti komwe amaphunzitsidwa kudzichepetsa.

Ndipo vuto lalikulu lili pamenepo, pa kudzichepetsa. Mawu athu ambiri oyamba ndi kudzi- onena za kudziona bwino ndi onyoza: kudzikonda ndi umbombo, kudzikuza, kudzimva, kudzitama, kudzitukumula, kudzichemerera. Ngakhale tikamati fumbi ndiwe mwini timanena moseka, ngati kupepesa kuti ndadziyamikira ndekha. Koma mbali yoipayo tili ndi mawu abwino kwambiri omwe aliyense amawamva popanda kufotokoza: kudziderera, kudzikayikira, kudziyang'anira pansi, kudziona wachabechabe, kudzimvera chisoni. Ndiye ine ndikanakhala iwe, funso la nambala 8 lija ndikanayesa kuti "Ndimalakalaka ndikanasiya kudziderera", kapena "Ndimalakalaka ndikanamadziona kuti ndine munthu wofunika kuposa mmene ndimadzionera panopa". Lachiwirilo ndi lalitali koma silisocheretsa. Ukayese pa anthu, usangotenga poti wanena ndi mphunzitsi.

Kudzidalira usakugwiritse ntchito kumene. Mawu amenewo anatengedwa kale ndi a mabungwe ndi andale, kudzidalira pachuma, kudzidalira pa chakudya. Mwana wasukulu yemwe fizi akumulipirira amalume ake ukamufunsa ngati amadzidalira ayankha kuti ayi ndimadalira amalume, ndipo sananame. Pa gawo loyamba ungolemba kuti "Mmene ndimadzionera". Pa gawo lachiwiri, malinga ndi mmene afotokozera bambo a pamwambapa, ulembe kuti "Zomwe ndimakhulupirira kuti ndingathe". Mawu ofunika ndi ndingathe, osati ndidzachita, chifukwa ndidzachita ndi lonjezo, ndipo Mmalawi pa lonjezo amawonjezera kuti Mulungu akalola. Kapenanso mitu ya magawoyo ungoichotsa, woyankha safunika kudziwa dzina la chomwe ukuyesa.

China chomwe achinyamata mumaiwala. Ndikakufunsa kuti sunadye? iwe umati eya, kutanthauza kuti sunadye. Mzungu pamenepo amati no. Ndiye chiganizo chokhala ndi ndilibe kapena sindi-, kenako pansi pake mayankho akuti sindikugwirizana nazo, mutu wa munthu umazungulira, kukana kokana. Pomwe ungathe, chiganizo choipacho uchinene molunjika: m'malo moti sindine wabwino unene kuti ndimadziona wachabechabe. Tanthauzo likhala lomwelo koma munthu sapunthwa.

Pomaliza, ntchito yomasulira si ya usiku umodzi ndi mnzako wa chipinda chimodzi. Upeze anthu awiri amasulire payekhapayekha osaonana, mukhale pansi mugwirizane chimodzi, kenako wachitatu yemwe sanaonepo Chingerezi chake abwezere ku Chingerezi, muone pomwe tanthauzo lathawa. Ukatero ukhale ndi ana asukulu asanu kapena asanu ndi mmodzi, aliyense payekha, awerenge funso mokweza n'kukuuza m'mawu ake kuti lafunsa chani. Usaiwale kuti pa sukulu yanuyo pali a ku Karonga, a ku Rumphi, a ku Mangochi, a ku Nsanje, omwe Chichewa anachiphunzirira pa msewu. Mawu akuya ngati kudzitukumula ena sawamva.

Jomba_265:

Ndi ulemu wonse kwa aphunzitsi, koma ine ndikuona ngati tikuzikulitsa. Awa ndi ana a pa yunivesite, analowa ndi credit ya English, ma lekicha onse ndi a Chingerezi, mayeso Chingerezi. Bwanji osangopereka ya Chingerezi basi n'kumaliza digiri? Kumasulira kwabwino ndi pulojekiti payokha, anthu amatengera masters zimenezo. Komanso sisi mukasakaniza mayankho a zinenero ziwiri mu deta imodzi, mudziwa bwanji kuti kusiyana komwe mwapeza ndi kwa anthu osati kwa chinenero? Mwanena nokha kuti ya Chingerezi ikuoneka bwinoko. Nthawi yatha kale apa, musadzipachike goli.

Bambo_a_Deta:

Jomba ali ndi mfundo, makamaka yosakaniza zinenero, imeneyo ndi yoona ndipo ekisitenolo wakuthwa adzafunsa. Ngati woyankha aliyense ndi wa pa yunivesite, Chingerezi chokha chikhoza kukwana, bola payiloti ionetse kuti mawu ngati "inclined" kapena "piling up" akuwamva, chifukwa kukhoza English ya MSCE ndi kumva Chingerezi cha ku America cha m'mafunsowa ndi zinthu ziwiri. Njira yapakati yomwe ndaona ikuyenda ndi pepala limodzi kwa aliyense, funso la Chingerezi pamwamba Chichewa chake pansi pomwepo, onse aone zofanana. Mu methodology mulembe poyera kuti munatero. Ndipo zomwe aphunzitsi afotokozazi musazitaye, njira yobwezera ku Chingerezi ija ndi yomwe mabuku amati back-translation, ya Richard Brislin 1970, mukhoza kuitchula. Nkhani ya kudzilemekeza ija payokha ndi ndime yabwino kwambiri mu discussion kuposa ma correlation omwe aliyense amawadziwa kale.

Koma ine chomwe chikundidetsa nkhawa ndi china. Masikelo anu anayiwo akulowererana. Carol Ryff mu 1989 anagawa wellbeing m'zigawo zisanu ndi chimodzi, ndipo chimodzi mwa izo ndi self-acceptance, chomwe ndi mphwake wa self-esteem, china ndi environmental mastery, chomwe ndi msuweni wa self-efficacy. PSS nayo mafunso anayi otembenuza aja amafunsa ngati munthu amadziona kuti angathe kuthana ndi mavuto ake, moti ofufuza ambiri gawo limenelo amalitchula kuti perceived self-efficacy. Ndiye mudzapeza ma correlation akuluakulu n'kuvina, pomwe mbali ina mwangofunsa funso limodzi katatu. Anzanu a payiloti aja atati zikubwerezabwereza sankanena za Chichewa chokha. Komanso Ryff ya 18 ili ndi mafunso atatu okha pa chigawo chilichonse ndipo alpha ya zigawozo imadziwika kuti imakhala yotsika. Kambiranani ndi supavaiza za WHO-5, sikelo ya wellbeing ya bungwe la zaumoyo la WHO, mafunso asanu okha, onse olunjika, amafunsa za masabata awiri apitawa, mumaphatikiza 0 mpaka 25 n'kuchulukitsa ndi 4. Imayesa mbali ina ya wellbeing, ya mmene munthu akumvera, ndiye objective yanu iyenera kusintha mawu pang'ono, koma siilowererana ndi Rosenberg ndipo pepala lifupika.

384 ija ndi ya pa tebulo la Krejcie ndi Morgan la 1970, ndi ya pamene anthu onse ndi ochuluka kwambiri ndipo ukufuna kuyerekeza peresenti molakwitsa ndi 5 basi. Ena amagwiritsa ya Yamane, mwachitsanzo anthu akakhala 1,000 imakupatsa 286. Koma inu funso lanu si loti ndi angati ali ndi sitiresi, ndi loti zinthuzi zikukhudzana bwanji, ndiye ndi nkhani ya regression, njira yoonera mmene zinthu zingapo (ma predictor) zikukhudzirana ndi chinthu chimodzi. Lamulo la Green la 1991 limati 50 kuphatikiza 8 kuchulukitsa ndi ma predictor, kapena 104 kuphatikiza ma predictor ngati ukufuna kuona iliyonse payokha. Inu muli ndi atatu, self-esteem, self-efficacy ndi sitiresi, ndiye 74 ndi 107, mutenge yaikuluyo n'kuwonjezerapo chifukwa mapepala ena adzabwera osamaliza. Pulogalamu ya G*Power yowerengera anthu ofunika ndi yaulere mukhoza kutsimikizira. Chofunika kuposa nambala ndi mmene mwawapezera anthuwo. Mukangoponya linki pa gulu la WhatsApp la kalasi yanu, oyankha ndi anzanu ndi omwe ali ndi bando, wopanikizika weniweni uja foni anagulitsa kale.

Nthawi yotolera nayo samalani. PSS, ya Sheldon Cohen ndi anzake 1983, imafunsa za mwezi umodzi wapitawu. Mukafunsa sabata ya mayeso aliyense atuluka wopanikizika. Si kulakwa, koma deta yonse itoleredwe m'masabata awiri kapena atatu omwewo ndipo mulembe kuti inali nthawi yanji, osati theka mayeso asanayambe theka atatha. Ndipo pa mutu wanu pasapezeke mawu akuti effect kapena impact. Mwafunsa kamodzi kokha, simungadziwe chomwe chinayamba. Roy Baumeister ndi anzake mu 2003 ataunika kafukufuku wambiri anapeza kuti kukhudzana kwa self-esteem ndi magiredi n'kochepa, ndipo zimaoneka kuti kukhoza bwino ndi komwe kumakweza self-esteem kuposa kuti self-esteem ikhozetse munthu. Lembani relationship basi.

NamwinoWaMatawale:

Mng'ono wanga, za manambala akuthandiza kale, ine ndikufuna ndikufunse chimodzi. Wakonzeka kuti wina akadzamaliza kuyankha n'kuyamba kulira udzatani? Ndagwira ntchito ya za maganizo zaka zingapo ndipo zimachitika, munthu palibe anamufunsapo kuti ukumva bwanji, ndiye kapepala kako kakhala koyamba. Mafunso ako safunsa za kudzipha ayi, koma ena amalemba m'mphepete mwa pepala, ena amakutsatira panja. Anyamata makamaka, aja anakula akuuzidwa kuti mwamuna salira, pa pepala achonga kuti zonse zili bwino kenako usiku akutumizira meseji. Iwe si khansala panobe, usayese kunyamula wekha. Usanayambe ukaonane ndi omwe amapereka uphungu pa sukulu panu uwauze kuti ukupanga zimenezi, ndipo kumapeto kwa pepala lililonse kukhale kachidutswa koti munthu ang'ambe apite nako, kolemba komwe angapeze thandizo. Kuno tili ndi mwayi, Zomba Mental Hospital ili pompano ndipo Zomba Central ili pafupi, koma dziwa kuti ambiri akangomva kuti ku mental amathawa, ndiye uyambe kulemba za uphungu wa pa sukulu ndi kuchipatala wamba. Wina akakuuza kuti akuganiza zodzichotsa moyo, chinsinsi chathera pomwepo, usamusiye yekha, umuperekeze kwa wachipatala tsiku lomwelo, ndipo zimenezi zilembedwe mu consent form kuti adziwiretu.

Chilolezo cha ethics chikhale m'manja deta isanayambe, ngati uli pa UNIMA ndi komiti ya UNIMAREC, funsa dipatimenti mmene ana a digiri yoyamba amadutsira. Ndipo ukasintha sikelo kapena kumasulira kwatsopano, uwadziwitse. Pa pepala pasakhale dzina kapena reg number, pa Google Forms uzimitse zotolera imelo. Samalanso mafunso a kumayambiriro aja, ukafunsa pulogalamu, chaka, zaka zakubadwa, boma lochokera ndi hositelo, m'kalasi ya anthu ochepa wamutchula kale munthuyo. A chaka choyamba ena sanakwane zaka 18, njira yosavuta ndi kungoti oyankha akhale 18 kupita m'mwamba.

Usadzalembenso kuti akutiakuti ali ndi matenda. PSS si yopezera matenda ndipo eni ake sanaike malire oti apa ndi high apa ndi low, magulu a 0 mpaka 13, 14 mpaka 26 ndi 27 mpaka 40 omwe ali mbwee pa intaneti aja ukawagwiritsa unene kuti ndi ongothandizira kufotokoza. Ukafuna kuona mmene anzako anamasulira zinthu zotere mwaluso, saka sikelo ya mavuto a m'maganizo ya SRQ-20 ya Chichewa yomwe Robert Stewart ndi anzake anaiyesa pa amayi ku Thyolo, inatuluka mu 2009, komanso PHQ-9, ya depression, yomwe Michael Udedi ndi anzake anaiyesa pa odwala shuga mu 2019. Uone mmene anafotokozera njira yawo.

Mawu oti sitiresi kwa odwala athu sitimawagwiritsa kwambiri. Amati ndikuganiza kwambiri, ndili ndi nkhawa, mtima sukukhazikika, mutu ukulemera, zandichulukira. Kupanikizika ndi kwabwino koma ena amamva ngati ukunena za kubanika pachifuwa. Ndipo usalembe kuti mwezi watha, munthu ukamufunsa pa 20 aganiza za mwezi wa pakalendala womwe unatha uja n'kusiya masabata atatu a pompano. Lemba kuti pa masabata anayi apitawa.

Nachisale_wa_Chikanda:

Zikomo kwambiri nonse, ndakopera zonse mu notebook. Agogo aphunzitsi, ndayesa chiganizo chanu cha kudziderera pa atsikana atatu a pa hositelo pano, awiri amva bwinobwino, wachitatu ndi wa ku Chitipa wandifunsa kuti kuderera ndi chani, ndiye mwina nditenga chachitali chija. Asisi a ku Matawale, za kachidutswa kong'amba sindinaganizeko n'komwe, ndipo kunena zoona pa payiloti paja mnyamata wina analemba pansi pa pepala kuti "zikomo pofunsa" ine ndinangoseka, pano zandikhudza ndipo sindikudziwa kuti anali ndani. Jomba sindikukutsutsani, ndipanga pepala limodzi la zinenero ziwiri, ndipo ndikatolera semesita ikubwerayi sabata yachitatu, mayeso ano andipitirire. Supavaiza ndikumana nawo Lachinayi za WHO-5.

Chatsala ndi munthu wachitatu wobwezera ku Chingerezi yemwe sanawaonepo mafunsowa, ndiye a psychology nonse mwatuluka. Alipo wa African Languages kapena wa Education muno ali ndi maola awiri Loweruka masana? Ndilibe ndalama koma nsima ya usipa ndiphika.

Chiwaya_FC:

Ine ndine wa Education ndipo Rosenberg ndamumva lero lomwe. Usipawo ukhale wothira tomato, ndifika 1 koloko.